Mphakati Wathu ndi Mabuku a Ambuye Kalilombe

Kuno ku mapiri a Dedza mwezi wa Juni sufuna masewera. Dzuwa likangopendeka, mphepo yotsika m'phiri imalowa mpaka m'mafupa, ndipo munthu aliyense amafulumira kuti akapezeke pafupi ndi moto. Komabe Lachinayi lililonse masana, ife mabanja a mphakati wathu timasonkhana pakhomo pa mmodzi wa ife, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri pa mphasa, abambo atakhala pa timipando manja ali m'khwapa. Takhala tikuchita zimenezi kwa zaka zambiri, kotero kuti ana athu amayesa kuti mphakati unabwera ndi amishonale oyamba aja pamodzi ndi belu ndi katekisimu. Nafenso akuluakulu sitinkadzifunsa za chiyambi chake, kufikira pamene tinachita chinthu chochititsa manyazi chaka chathachi.

Pakati pathu pali agogo ena amasiye amene sadziwa kulemba ndi kuwerenga, koma amene sankajomba ku mphakati ngakhale kugwe mvula yotani. Chaka chatha mbatata yawo ya kachewere inapsa ndi chiwawu isanakhwime, ndipo analephera kupereka mtulo ndi ndalama ya chitukuko cha tchalitchi. Mlembi wathu, mnyamata waulemu amene ankangochita zimene tinamtuma, ankayamba msonkhano uliwonse powerenga maina a amene sanapereke. Dzina la agogowo linamveka masabata atatu otsatizana. Sabata lachinayi malo awo pa mphasa anali opanda munthu, ife n'kumati mwina ndi kuzizira. Panapita miyezi iwiri tisanamve kuti agogo anagwidwa ndi chibayo, ndi kuti amene ankawatungira madzi ndi kuwaphikira phala anali mayi wina woyandikana nawo, wa mpingo wina. M'kaundula wathu munali ngongole yawo yonse, koma panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anakapondako pakhomo pawo.

Tsiku limene nkhaniyi inaululika, aphunzitsi athu a katekisimu, amene anapuma ntchito kalekale chifukwa cha ukalamba, anapempha kuti alankhule. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Ana anga, kodi mukudziwa kuti pali episkopi amene anasiya mpando wake ndi kukhala kunja kwa dziko lino zaka ngati 20 chifukwa cha mphasa imene mwakhalapoyi? Akanabwera lero n'kumva zimene timachita pano, akanati chiyani?" Ambiri mwa achinyamata athu anali asanamvepo dzina la Ambuye Patrick Kalilombe. Kuyambira tsiku limenelo takhala tikufunsafunsa za moyo wawo ndi zolemba zawo, ndipo zimene tapeza tati tigawane nanu, akhristu anzathu.

Ambuye Patrick Augustine Kalilombe anabadwira ku Mua m'chaka cha 1933. Mua ali m'boma lathu lomweli la Dedza, koma kumunsi, patsinde pa mapiri, kumene munthu wa kuno amafika atatsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti n'kuvula jekete chifukwa cha kutentha. Ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, ndipo dera lomwelo ndilo linabala Ambuye Cornelius Chitsulo, amene anakhala wansembe woyamba wachimalawi mu 1937, nadzadzozedwa mu 1957 kukhala episkopi woyamba wachimalawi, wa kuno ku Dedza. Pamene Bambo Chitsulo ankalandira unsembe, Patrick anali kamwana ka zaka zinayi. Choncho anakula akudziwa kuti mwana wa m'mudzi angathe kuima pa guwa, chinthu chimene agogo ake sanachionepo pa ubwana wawo.

Njira yake ya unsembe inadzera kuno kumtunda, ku seminale yaing'ono ya ku Kasina, kenaka ku seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji. Atasankha kulowa chipani cha ansembe amene anabatiza makolo ake, anakapitiriza maphunziro kumpoto kwa Africa, ku Algeria ndi ku Tunisia, ndipo anadzozedwa unsembe mu 1958, kukhala Mmalawi woyamba m'chipani cha White Fathers. Kuchokera apo anatumizidwa ku Roma kukazama m'maphunziro a zaumulungu ndi a Malembo Oyera. Zinali zaka zimene Eklezia ankakonzekera Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiwiri, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, ndi kukumbutsa akhristu onse kuti Eklezia ndi mtundu wa anthu a Mulungu, kumene wobatizidwa aliyense ali ndi gawo lake. Bambo Kalilombe atabwerera kumudzi anakaphunzitsa ku Kachebere komwe kuja, mpaka anakhala mkulu wa seminaleyo. Mu 1972, asanakwanitse zaka 40, anadzozedwa kukhala episkopi wa dayosizi ya Lilongwe m'malo mwa Ambuye Joseph Fady.

Kuti timvetse zimene episkopi watsopanoyu anachita, tiyenera kukumbukira mmene mpingo unalili masiku amenewo, ndipo akuluakulu athu akuzikumbukira bwino. Parishi inali yaikulu, ansembe ochepa, ambiri mwa iwo ochokera kunja. Ku midzi yakutali kunali nthambi za parishi, kumene wansembe ankafika mwa kamodzikamodzi kudzachita Misa, kumvetsa kulapa ndi kubatiza. Wansembe akachoka, zonse zinkatsalira m'manja mwa mphunzitsi wa katekisimu, ndipo mkhristu wamba ntchito yake inali kumvera, kuloweza ndi kudikira. Tchalitchi linali la Abambo, ndalama zomangira zinkachokera kwawo kwa Abambo, maganizo nawonso anali a Abambo. Ambuye Kalilombe ankalemekeza ntchito ya amishonale, pakuti iwo eni anali mmodzi wa iwo, koma anaona kuti mpingo wotere uli ngati mwana wamkulu amene akadali kumbuyo kwa amake.

M'chaka cha 1973 analembera akhristu a dayosizi yawo kalata yowaitana kuti aganizire pamodzi za tsogolo la mpingo, ndipo anatsegula sinodi yaing'ono imene inatenga zaka ziwiri, mpaka 1975. Zokambirana zinayambira pansi, m'midzi ndi m'maparishi, n'kumakwera mpaka ku likulu la dayosizi, ndipo anthu amene anali asanafunsidwepo kanthu ndi episkopi anapatsidwa mpata wolankhula. Ntchito yonseyi inadziwika ndi mutu wakuti Mpingo Ndife Tonse. Chachikulu chimene chinatulukamo chinali chakuti akhristu oyandikana nyumba azisonkhana m'timagulu tating'ono, momwe aliyense amadziwa mnzake, kuti azimva Mau a Mulungu, azipemphera, ndi kusenzerana mavuto a moyo wa tsiku ndi tsiku. Timagulu timeneti ndito lero tikuti miphakati, ndipo kwina amati malimana. Ambuye Kalilombe ankafuna mpingo woima pa mafuwa atatu: wodzitumikira wokha, wofalitsa wokha Uthenga Wabwino, ndi wodzidalira wokha pa chuma.

Sitikunena kuti iwo anali okha pa maganizo amenewa. Ku Brazil, ku Congo ndi ku Tanzania kunali kale akhristu amene ankayesa njira yofanana nayo. Koma mau a episkopi wa ku Lilongwe anamveka kwambiri pamene maepiskopi a bungwe la AMECEA, ochokera ku Kenya, Malawi, Tanzania, Uganda ndi Zambia, anakumana ku Nairobi mu 1973. Atakumananso mu 1976, maepiskopiwo anagwirizana kuti kumanga miphakati ikhale ntchito yoyamba ya utumiki m'madayosizi awo onse. Umu ndi mmene mphakati unafikira kuno ku dayosizi ya Dedza, ngakhale kuti Ambuye Kalilombe sanakhalepo episkopi wathu. Mbeu imene mwana wa ku Mua anafesa ku Lilongwe inazungulira ku Nairobi n'kudzamera kwawo.

Tsono achinyamata athu anafunsa kuti: "Nanga cholakwa chinali pati kuti munthu wotere achoke m'dziko?" Amene anabadwa ufulu wolankhula ulipo kale sangamvetse msanga. Kuyambira 1966 dziko lino linali la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. M'mudzi uliwonse munali nthambi ya chipani, ndipo munthu wopanda khadi la chipani ankavutika kulowa mumsika kapena kukwera basi. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula makhadi, analetsedwa mu 1967 ndipo ambiri anathawira ku maiko oyandikana nafe mu 1972. M'nyengo yotere, timagulu ta anthu osonkhana m'nyumba, osankha okha atsogoleri awo ndi kukambirana za moyo wawo, tinaoneka kwa akuluakulu a ndale ngati nthambi za chipani china chobisika. Episkopi anayamba kukayikiridwa, ndipo mu 1976 anatuluka m'dziko osathanso kubwerera ku ntchito yawo. Mu 1979 anatula pansi udindo, ndipo Ambuye Matthias Chimole ndiwo analowa m'malo mwawo. Anaweta nkhosa zawo maso ndi maso zaka zinayi zokha.

M'busa wolandidwa khola angathe kuwawidwa mtima n'kungokhala chete mpaka imfa. Ambuye Kalilombe anatenga cholembera. Anapita ku Berkeley, ku America, kumene anachita maphunziro a udokotala pa nkhani yomwe ija inawachotsa kwawo, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa ku Eldoret, m'dziko la Kenya, mu 1984, m'buku lotchedwa From Outstation to Small Christian Communities, lofananitsa njira yakale ya nthambi za parishi ndi njira ya miphakati. Pambuyo pake anakakhala zaka zambiri ku Birmingham, ku Mangalande, akuphunzitsa ku makoleji a Selly Oak ndi kutsogolera malo otchedwa Centre for Black and White Christian Partnership, kumene akhristu a mipingo ya anthu akuda ochokera ku Africa ndi ku zilumba za Caribbean ankaphunzira pamodzi ndi akhristu a mipingo yakale ya ku Mangalande. Titamva zimenezi tinakumbukira mayi wa mpingo wina uja amene anaphikira agogo athu phala, ndipo tinaganiza kuti episkopi ameneyu akanamuthokoza mayiyo asanatidzudzule ife.

Iwo ali kunja, dziko linasintha. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, ndipo inanena poyera zimene anthu ankanong'onezana. Mu 1993 kunali riferendamu, mu 1994 chisankho cha zipani zambiri. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, Ambuye Kalilombe anabwerera kwawo, ndipo anakakhala mphunzitsi wa zaumulungu ku Chancellor College ku Zomba. Mu 1999 zolemba zawo zinasonkhanitsidwa m'buku la m'gulu la mabuku a Kachere lotchedwa Doing Theology at the Grassroots. Anamwalira mu Seputembala 2012 ali ndi zaka 79.

Masiku ano tikamva za m'busa wolemba mabuku, maganizo athu amathamangira kwa abusa a kunja amene mabuku awo timawaona atayalidwa m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe. Mmodzi wa iwo, Rick Warren wa ku California, anatulutsa buku lotchedwa The Purpose Driven Life mu 2002, ndipo linagulidwa makope oposa 30 miliyoni. Mabuku a Ambuye Kalilombe sanayandikireko pamenepo. Ambiri analembedwa m'Chingerezi cha anthu ophunzira, ndipo mumphakati wathu wonse munapezeka munthu mmodzi yekha, mwana wathu wamkazi wa ku koleji, amene analigwirapo limodzi m'manja. Komatu tikafunsa kuti ndi mlembi uti amene maganizo ake analowa m'nyumba zambiri za akhristu a Katolika m'Malawi muno, sitikupeza wowaposa. Nyumba iliyonse imene inayalapo mphasa kulandira mphakati inalandira maganizo awo, ngakhale mwini nyumba sanamvepo dzina lawo.

Mwana wathu wa ku koleji uja ndiye anatifotokozera nkhani ina imene Ambuye Kalilombe analemba, imene inalowa m'buku lotchedwa Voices from the Margin mu 1991, buku limene limawerengedwa m'masukulu a zaumulungu m'maiko ambiri. Nkhaniyo ikunena za Baibulo pakati pa Amalawi osadziwa kuwerenga. Mwachidule, nkhawa yawo inali yakuti munthu wosawerenga amamva zokhazo zimene wowerenga wamusankhira, ndiponso amalandira tanthauzo limene wowerengayo wapereka, kotero kuti Buku Loyera lingathe kusanduka chuma cha ophunzira okha. Anakumbutsa kuti anthu athu ali ndi njira zawo zosungira ndi kusinkhasinkha mau: kumvetsera, kuloweza, kukamba nthano, kuimba ndi kuchita masewero. Njira zimenezi zikapatsidwa malo, wosawerenga amasiya kukhala womvera chabe, nayenso amayamba kumasulira Mau a Mulungu kuchokera m'moyo wake. Mwanayo atatha kufotokoza panali zii, chifukwa tonse tinkaganiza za munthu mmodzi. Episkopi amene anaphunzira Malembo Oyera ku Roma anali atalemba za agogo athu, ndipo ife tinali titawathamangitsa ndi kaundula.

Tsopano tikuona pamene tinasokera. Pa mafuwa atatu aja tinatolapo limodzi lokha, la kudzidalira pa chuma, n'kuyesa kutereka mphika pamenepo. Sitikunyoza mtulo kapena masika, ayi. Tchalitchi lathu likudontha, ansembe athu ayenera kudya ndi kuyenda, ndipo nthawi yodikira thandizo la kwa azungu inapita. Ambuye Kalilombe ndiwo anali patsogolo kunena zimenezi. Koma mphakati wathu unali utasanduka ofesi yaing'ono ya parishi. Tinkafika, kupemphera mwachangu, kuwerenga Uthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, wapampando n'kunena mau awiri atatu, kenaka nthawi yonse yotsala n'kuthera pa ndalama, pa zilango za ojomba ndi pa makalata ovomereza ubatizo wa ana. Munthu ankabwera ku mphakati poopa kuti tsiku la maliro ake akhristu sadzaimba. Aphunzitsi athu okalamba aja ananena mau amene anatilasa: boma la masiku aja linkaopa miphakati chifukwa anthu ankalankhulamo za moyo wawo, koma mphakati wathuwu palibe boma limene lingauope.

Pali chinanso chimene moyo wa m'busa ameneyu watiphunzitsa, makamaka ife makolo. Ana athu akukula m'nthawi imene ukulu wa mtumiki wa Mulungu umayezedwa ndi kuchuluka kwa anthu omutsata, kukongola kwa galimoto lake ndi kumveka kwa dzina lake pa wailesi. Poyeza motero, Ambuye Kalilombe analephera: anakhala pa mpando zaka zowerengeka, anakalambira kwa eni, anabwerera kudzagwira choko m'kalasi. Koma anagwira ntchito yawo mwa njira yakuti ipitirire iwo palibe, ndipo inapitiriradi. Amene anawachotsa m'dziko anapita, nthambi za chipani chija zinatha mphamvu, koma miphakati ikusonkhanabe kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Mu 1994, pamene maepiskopi a mu Africa anasonkhana ku Roma pa sinodi yawo ndi kusankha kufotokoza Eklezia ngati banja la Mulungu, anali kutsimikiza zimene akhristu a ku Lilongwe anakambirana zaka 20 m'mbuyomo.

Mwina mukufuna kudziwa mmene nkhani ya agogo inathera. Lachinayi lotsatira sitinasonkhane pamene tinapangana. Tinanyamula nkhuni, ufa, nyemba ndi bulangete, n'kupita kwawo. Wapampando wathu, bambo wa imvi zake, anagwada pakhomo nati: "Agogo, talakwa ndife. Mutikhululukire." Agogo anayamba atidandaulira kuti tawadzidzimutsa nyumba isanasesedwe, kenaka anatilola kuyala mphasa. Tinaitananso mayi woyandikana nawo uja kuti timuthokoze pamaso pa onse. Tsiku limenelo kaundula sanatsegulidwe. Mlembi anawerenga fanizo la nkhosa yotayika kawiri, pang'onopang'ono, ndipo wapampando m'malo molalika anafunsa agogo kuti amvapo zotani. Iwo anati pa utsikana wawo anawetapo mbuzi, ndipo anaona kuti mbuzi yotayika imalira kwambiri tsiku loyamba, koma masiku akamapita imaleka kulira, ndiye woweta wanzeru sadikira kuti aimve. Palibe wa ife ophunzira amene akanalimasulira fanizolo motero.

Kuchokera tsiku limenelo tinagwirizana zinthu zitatu zazing'ono. Maina a amene sanathe kupereka sawerengedwanso pagulu: msungichuma ndi mayi mmodzi amapita mwakachetechete kukamva vuto lake, ndipo pamene pali umphawi weniweni mphakati umasonkha. Munthu akajomba kawiri, timatuma anthu awiri kukamuona sabata lomwelo lisanathe, osati kukamulipiritsa. Ndipo Mau a Mulungu akawerengedwa, oyamba kulankhula amakhala amene sadziwa kuwerenga, ophunzira amadikira. Sitikunena kuti zonse zili bwino tsopano. Ndalama ya denga la tchalitchi ikusonkhedwa mochedwa kuposa kale, ndipo pali ena mwa ife amene akudandaula nazo, mwinanso ali ndi mfundo. Tikukambiranabe.

Inu akhristu anzathu a m'maparishi ena, mukadzasonkhana sabata lino, tayang'anani pa mphasa ndipo muwerenge amene palibe. Mufunsenso ana anu ngati akudziwa kumene mphakati unachokera, ndipo ngati sakudziwa, auzeni za mwana wa ku Mua amene anauvutikira. Ife kuno tapereka Misa yopempherera mzimu wa Ambuye Patrick Kalilombe mwezi wa Seputembala ukubwerawu, ndipo agogo athu anena kale kuti adzafuna wina adzawagwire dzanja pokwera chitunda cha ku tchalitchi.